GALIMOTO YA PULOJEKITI IKAPITA, CHOTSALA N'CHIYANI?

Mawu omwe alangizi adalankhula kwa Dzoole, m'boma la Dowa, pomwe nthumwi za makomiti a m'madoko a ku Salima ndi ku Nkhotakota zidakacheza ndi magulu a banki m'khonde

Gogo Chalo, mafumu athu onse, amayi ndi abambo a kuno kumtunda amene mwatilandira, ndi inu anzathu a kunyanja amene mwakwera zitunda zonsezi kuchokera ku Salima ndi ku Nkhotakota, tikupempha kuti mutchere khutu kwa kanthawi.

Tikudziwa kuti ena a inu mumang'ung'udza m'galimoto muja. Mumati, kodi msodzi akatengako chiyani ku Dowa, kumene usipa amauona utauma kale pa msika wa Mponela? Funsolo ndi labwino. Tikadatha kuyankha kuti mvula yogwa kumadzulo kwa Dowa kuno imatsikira mu Bua, mtsinje womwe mpasa wanu amakwera pokaswana, kotero kuti ndife achibale. Koma lero sitinabwerere nkhani ya madzi. Tabwerera nkhani ya ndalama, ndalama zija timati za anthu akufuna kwabwino, zomwe zimabwera kudzathandiza magulu a m'midzi ndi atsogoleri awo.

Pa msonkhano uliwonse wa komiti ya padoko, nkhani zonse zikatha, pamakhala bambo mmodzi amene amakweza mkono n'kufunsa kuti, "Nanga alangizi, pulojekiti ina ibwera liti?" Sitikumunyoza bamboyo. Kwa zaka khumi, kuyambira 2014 mpaka 2024, madoko ambiri adazolowera kuona galimoto za mapulojekiti a FISH ndi REFRESH, omwe bungwe la Pact linkayendetsa ndi ndalama za USAID. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake lambiri lopita kunja, ndipo pofika pa 1 Julaye chaka chomwecho USAID idatsekedwa. Bungwe lomwe ambiri tinkaliona ngati phiri losasuntha lidatha m'miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye yankho loona kwa bambo uja ndi loti sitingalonjeze tsiku. Chomwe tingachite ndi kuonetsana zomwe zimatsala pamudzi galimoto ikapita, ndipo n'chifukwa chake takubweretsani kwa Dzoole.

Poyamba tisiyanitse ndalamazi, pakuti pamudzi timangoti "madona" ngati onse ndi amodzi. Zina ndi za maboma, zochokera ku misonkho ya anthu a ku America, Germany kapena Australia, ndipo zimasintha boma la kumeneko likasintha. Zina ndi za anthu olemera kapena mabanja omwe adapatula gawo la chuma chawo n'kukhazikitsa thumba lothandizira ena, lomwe amalitcha faundeshoni. Limodzi mwa matumba aakulu kwambiri otere ndi lomwe Bill Gates, amene adalemera ndi kampani ya makompyuta ya Microsoft, adakhazikitsa pamodzi ndi Melinda mu 2000 ku Seattle. Thumba lotere silidikira chisankho, koma nalonso lili ndi malire. Mu Meyi 2025 mwini wake adalengeza kuti lidzatseka pa 31 Disembala 2045. Mwana amene wabadwa chaka chino adzakhala akungoyamba kumene kupalasa bwato lake pomwe thumbalo lizidzatseka. Mlendo ndi mame, adatero akuluakulu, ndipo olemera nawonso ndi alendo.

Ndalama za mitundu yonse iwiri zidafika kuno kwa Dzoole. Kuyambira 2011 mpaka 2016 bungwe la CARE lidayendetsa pulojekiti yotchedwa WE-RISE ndi ndalama za boma la Australia, kwa Dzoole ndi kwa Chiwere m'boma lino, komanso kwa Kalumbu ku Lilongwe. Cha m'nthawi yomweyo, kuyambira 2012, CARE idabweretsanso pulojekiti ya Pathways, ya ndalama za thumba la Gates, yomwe inkachitika m'mayiko asanu ndi limodzi: Malawi, Tanzania, Ghana, Mali, India ndi Bangladesh. Kuno inkalimbikitsa amayi kulima soya ndi mtedza, kuphunzira pamunda wachitsanzo, ndi kugulitsa zokolola pagulu m'malo moti aliyense azikalimbana yekha ndi sikelo ya venda.

Taonani ulendo womwe ndalama imayenda. Imachoka ku Seattle kapena ku Canberra, n'kufika ku likulu la bungwe lalikulu kunja, kenako ku ofesi yake ya ku Lilongwe. Kuchoka apo ndi pomwe imafika kwa anthu odziwa njira za m'midzi. Pa WE-RISE, CARE inkagwira ntchito ndi MAICC, bungwe la pa Mponela pomwepa. Bungweli silidabadwire pulojekitiyo ayi. Lidayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pomwe Edzi inkatha anthu ndipo mankhwala otalikitsa moyo kunalibe, ngati gulu la anthu a m'dera lino ofuna kuphunzitsa ndi kulangiza anzawo. Pamene ndalama zazikulu zinkafika, anthuwa n'kuti atagwira kale ntchito zaka pafupifupi makumi awiri. Mafumu ankawadziwa, ndipo iwo ankadziwa mudzi umene mlatho wake umakokoloka mu Febuluwale. Ndalama zidapeza anthu ali kale pantchito. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Tsopano tikambe za bokosi lomwe lili patebulo apali, lomwe ena a inu mwakhala mukuliyang'anitsitsa. Mapulojekiti onse awiri adamangidwa pa magulu a banki m'khonde. Njirayi CARE idaiyamba mu 1991 m'dziko la Niger, pakati pa amayi a m'midzi. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25 osankhana okha. Pokumana, aliyense amagula masheya, kuyambira imodzi mpaka asanu, pa mtengo womwe gulu lidagwirizana. Wofuna ngongole amabwereka mpaka katatu ka zomwe wasunga, n'kubweza ndi chiwongoladzanja chomwe gulu lomwelo lidakhazikitsa. Pambali pamakhala kathumba ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 amagawana zonse molingana ndi masheya, n'kuyambiranso. Bokosi lili ndi maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, ndipo bokosi lenilenilo limagona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi ngakhale imodzi. Ndalama zimawerengedwa mokweza, aliyense akuona, poyamba ndi pomaliza pa msonkhano.

Chomwe tikufuna kuti mugwire n'chakuti m'njira imeneyi wothandiza saponyamo ngakhale tambala m'bokosi. Ndalama yake imagula maphunziro ndi zipangizo zoyambira, ndipo imaphunzitsa munthu wa m'mudzi momwemo kuti akhale mlangizi wa magulu, woti azitha kuyambitsa gulu lina popanda kudikira wa ku Lilongwe. Zam'kati mwa bokosi ndi thukuta la eni ake. N'chifukwa chake tsiku lomwe pulojekiti ikutsekedwa ku hotela, pamudzi Lachitatu likakwana amayi amayala mphasa monga mwa masiku onse. Palibe chomwe chaima, chifukwa palibe chomwe chinkachokera m'galimoto sabata ndi sabata.

Tisanamizane, banki m'khonde si mankhwala a matenda onse. Tonse tamvapo za mayi amene adalowa magulu atatu, kubwereka uku kuti abweze uko, mpaka anzake kudzamutengera ziwiya ndi malata. Tamvanso za abambo amene amatuma mkazi kukabwereka, ndalama n'kuthera ku mowa, ngongole n'kutsalira mayiyo. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe gulu lidasunga chaka chonse zidagula feteleza wochepa kuposa momwe ankayembekezera. Amayi a kuno akuuzani okha mavuto amenewa, sabisa. Koma gulu lokangana pa ndalama zake n'losiyana ndi gulu lomwe lafa chifukwa alawansi yatha.

Mawu oti alawansi atifikitsa kunyanja, ndipo apa ife alangizi tiyenera kuweramitsa mitu pang'ono.

Makomiti a m'madoko monga tikuwadziwira lero adayambira ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, chambo chitatha m'nyanjamo. Ganizo lidali labwino: boma lokha silingalondere nyanja, asodzi atengepo mbali. Ndalama zidachokera ku Germany, ku Britain ndi ku mabungwe a United Nations. Koma makomitiwo adachita kukhazikitsidwa ndi pulojekiti, ndipo mamembala ankalandira kangachepe akapita ku maphunziro ndi ku misonkhano. Zotsatira zake zidalembedwa ndi akatswiri athu omwe, si mphekesera. Pena anthu omwe sadali asodzi n'komwe ankalimbirana mipando. Pena mafumu ndi makomiti ankakokanakokana pa mphamvu. Asodzi ambiri ankaona komiti ngati dzanja la boma, osati lawo. Ndalama zitachepa, misonkhano nayo idachepa.

Pa nyanja ya Chiuta zidayenda mwina. Cha m'ma 1995 asodzi a kumeneko adatopa ndi makoka a nkacha omwe adabwera ndi anthu ochokera ku nyanja zina, omwe ankakokolola ndi tiana tomwe ta nsomba n'kuvundula madzi akumwa. Adasonkhana okha, adapanga makomiti awo, ndipo adawachotsa. Boma lidabwera pambuyo kudzavomereza zomwe eni ake adali atayamba kale. Nanga inu a ku Salima, tikuuzeni chiyani za Mbenji? Chilumbacho chakhala chikutsekedwa nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, pansi pa ulamuliro wa a Makanjira, lamulo la za usodzi la 1997 lisanalembedwe ndipo mawu oti pulopozo asanamveke m'dziko muno. Mabungwe akhala akupita ku Mbenji kukathandiza ndi kukaphunzira, koma palibe limene linganene kuti lidayambitsa.

Mwaona tsono kuti nkhani ya MAICC, ya bokosi ili, ya Chiuta ndi ya Mbenji ndi imodzi. Kumene thandizo lidapeza anthu atayamba kale, lidawonjezera mphamvu. Kumene thandizo ndilo lidabala gulu, gululo lidayamwa mpaka bere litauma, n'kulephera kudya nsima. Ena a inu mukukumbukira zaka zija bungwe la National AIDS Commission, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2001, lidayamba kupereka ndalama ku magulu a m'midzi. Magulu adaphuka ngati bowa, mudzi uliwonse chikwangwani chake. Ena adagwira ntchito yotamandika yosamalira odwala ndi ana amasiye, ndipo alipo mpaka lero. Ena chidatsala n'chikwangwani chokha, chikuchita dzimbiri m'mbali mwa msewu.

Koma tisamangodziloza chala tokha. Opereka ndalama nawonso ali ndi zawo, ndipo iwo eni amavomereza. Mu 2016, pa msonkhano waukulu ku Istanbul, mayiko ndi mabungwe opereka thandizo pa nthawi ya mavuto adalonjeza kuti pofika 2020, 25 peresenti ya ndalamazo izipita mwachindunji ku mabungwe a m'mayiko omwe akuthandizidwawo. Chaka chidakwana, lonjezo silidakwaniritsidwe. Mu 2021 USAID nayo idalonjeza 25 peresenti pofika 2025, ndipo idatsekedwa isanafikepo. Pa ulendo uja wochoka ku Seattle, poima paliponse pamatsala kanthu: malipiro, galimoto, lendi ya ofesi, misonkhano ya ku hotela. Zina mwa izi n'zofunikadi, pakuti ntchito siyenda popanda owerengera ndalama. Koma amene ali kumapeto kwa mzere, mlembi wa komiti amene amayenda wapansi kukalemba mabwato, ndiye amauzidwa kuti agwire mongodzipereka.

Vuto lina ndi la zingwe zomwe ndalama imabwera nazo. Tikudziwa doko lina, sititchula dzina, komwe komiti idalandira injini ya boti yolonderera nyanja. Mu bajeti mudali injini, koma mudalibe mafuta kapena ndalama yokonzetsera, ndipo malamulo a wothandizayo sankalola kusuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina. Injiniyo idagona m'nyumba ya msungichuma mpaka anthu adayamba kumunena kuti waibisa dala. Munthu wabwinobwino adatula pansi udindo chifukwa cha mphatso yomwe sadapemphe. Walira mvula walira matope.

Pali opereka ena amene aphunzirapo. Segal Family Foundation, thumba la banja lina la ku America lomwe limathandiza mabungwe ang'onoang'ono mu Africa, kuphatikizapo Malawi, limapereka ndalama zopanda zingwe, kusiyira eni bungwe kuti aone okha pofunika. MacKenzie Scott, pofika kumapeto kwa 2024, adali atapereka madola oposa 19 biliyoni m'njira yomweyo. Opereka otere amayang'ana mtsogoleri ndi mbiri ya ntchito yake kuposa Chingerezi cha pa pepala. M'boma lomwe lino la Dowa muli zitsanzo za atsogoleri otere, ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka. Innocent Magambi, amene adakhala zaka 27 ali wothawa kwawo, adayambitsa bungwe la There is Hope mu 2006, lomwe lakhala likuphunzitsa ntchito zamanja othawa kwawo pamodzi ndi Amalawi a midzi yozungulira. Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini pa kampupo mu 2014, ndipo mu 2020 bungwe lake la Tumaini Letu lidalandira mphoto ya ndalama ya ku Sharjah chifukwa cha ntchitoyo. Pakati pa kuyamba ndi mphoto padapita zaka zisanu ndi chimodzi. Anthuwa adayamba opanda munda, opanda bwato, m'dziko la eni.

Ndiye komiti ya padoko ichite chiyani? Makomo ena akadali otseguka. Pali Malawi Environmental Endowment Trust, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999 kuti izithandiza ntchito zosamalira chilengedwe. Pali Tilitonse Foundation, yomwe imapereka ndalama ku mabungwe ndi magulu pa nkhani za ulamuliro wabwino. Pali thumba la ndalama zing'onozing'ono la GEF lodzera ku UNDP. Onsewa ali ndi nyengo zawo zoitanira mapempho, ndipo pomwe USAID yachoka, opempha achuluka kuposa kale. Onse adzafunsa zinthu zofanana: malamulo a gulu olembedwa, umboni woti khonsolo ya boma ikukudziwani, akaunti ya ku banki yosainira anthu oposa mmodzi, ndi mabuku.

Pa mabuku m'pomwe tikufuna kuima pang'ono, chifukwa m'pomwe makomiti ambiri amagwera. Komiti ya padoko si yosauka ngati momwe imadzionera. Imalandira chindapusa kwa ogwidwa ndi ukonde woletsedwa. Madoko ena amalandira kanthu kwa asodzi obwera. Ndalama zimenezi zimalembedwa kuti? Ndani adaziwerenga pamaso pa anthu? Tikafunsa, kawirikawiri timamva kuti buku lili ndi mlembi, mlembi wapita ku Mozambique kukasodza. Wothandiza akafika padoko n'kupeza kuti K200,000 ya chindapusa cha chaka chatha palibe angaifotokoze, sangakusiyireni mamiliyoni, ndipo sitingamudzudzule. Koma akapeza buku la zaka zitatu, losonyeza tsiku, dzina la mlandu, ndalama yolowa, yotuluka ndi saini za anthu awiri, pamenepo mwalemba kale theka la pulopozo musanagwire cholembera. Bukulo silifuna dona. Likufuna kope la ku golosale ndi anthu osaopana.

Chinanso, phunzirani kufunsa, ngakhale kukana kumene. Mlendo akabwera ndi thandizo, mwaulemu wake mufunseni kuti pulojekiti itha chaka chanji, ndalama yonse ndi zingati ndipo yofika padoko ndi zingati, komanso katundu adzakhala wa yani ikatha. Mufunseni ngati mu bajeti muli maphunziro a msungichuma ndi mlembi, osati a wapampando okha, pakuti takhala tikuona munthu mmodzi akuzungulira maphunziro onse mpaka satifiketi kudzaza khoma, iye akachoka komiti n'kutsala mbuli. Mufunseni ngati amayi ogula ndi kuwamba nsomba awerengedwa, popeza ndiwo amagwira ndalama zambiri padoko. Ndipo ngati thandizolo likufuna kuti musiye zomwe mudagwirizana kuti muchite zomwe iye wakonda, kunena kuti "zikomo, koma ayi" si mwano. Wopereka wanzeru amalemekeza gulu lodziwa chomwe likufuna.

Za alawansi tinene poyera, ngakhale tikudziwa kuti ena sakondwa. Kubwezeredwa ndalama ya thiransipoti ndi chakudya pamene mwasiya ntchito yanu tsiku lonse n'koyenera, ndipo musachite nazo manyazi. Chomwe chimapha komiti ndi pamene msonkhano wa padoko panu pomwe, wokambirana za nyanja yanu yomwe, sungachitike popanda envelopu. Chizolowezi chimenechi sichidagwe kumwamba. Tidachibweretsa ndife a mabungwe ndi a boma, pofuna kuti mayina achuluke pa pepala la opezekapo. Tikuvomereza. Koma amene angachithetse ndinu, chifukwa envelopu zija zapita ndipo mwina sizibweranso momwe zinkabwerera.

Gogo Chalo, tatenga nthawi yaitali, mutikhululukire. Tikatha kudya, amayi a gulu la kuno achita msonkhano wawo wa masiku onse ife tikuonerera. Sakuchita sewero, lero ndi tsiku lawo lokumana, ndipo atiuza kuti wofika mochedwa amalipira chindapusa ngakhale akhale mlendo. Tikupempha asungichuma ndi alembi a makomiti onse kuti mukhale kutsogolo, pafupi ndi mphasa. Muone amene akutulutsa makiyi, muone amene akuwerenga, ndipo mumve momwe gulu lonse likubwerezera chiwerengero mokweza bokosi lisanatsekedwe. Mafunso muwafunse iwowo, osati ife. Galimoto yobwerera kunyanja inyamuka 3 koloko.